Kachipilala Kakumanja

Istanbul, 16 Epulo 1978

Okondedwa Amayi,

Ndapsompsona manja anu. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likupwetekabe? Ine ndili bwino, achimwene a Remzi nawonso ali bwino. Moni kwa iwe Cemile, mlamu wanga wa mawa, amene ukuwawerengera amayi kalatayi. Uziwerenga pang'onopang'ono, ndipo ukhale mbali ya khutu lawo lakumanja.

Ntchito ndayamba. Achimwene anandilankhulira kwa Mayi Hacer, amene amayang'anira akazi osesa mu mzikiti waukulu womwe iwo akukonza denga lake. Amayi, mzikiti wa kwathu ungalowe m'menemo pamodzi ndi mtengo wake uja, malo n'kutsalabe. Denga lake lili ngati mbale yovundikira, ndipo pakati palibe mzati ngakhale umodzi. Tsiku loyamba nditayang'ana m'mwamba ndinangokhala pansi pa kapeti. Mayi Hacer anati, "Dzuka iwe, mwana wa ku minda ya adyo! Lakhala pamenepo zaka mazana anayi, silikudikira iweyo kuti ligwe." Anzanga anaseka. M'menemo ukatsokomola chifuwa chako chimakubwerera kawiri, ndiye ine sinditsokomola.

Achimwene amagwira kunja, pamwamba penipeni. Akuchotsa mtovu wakale n'kuyala watsopano, chingwe chili m'chiuno. Ndikatuluka kukakung'untha tsache ndimawaona ngati nyerere pa dzungu. Masiku ano ndimakung'unthira mbali ina.

Pali kantchito kena kamene andipatsa chifukwa ndimafika m'mawa anzanga asanafike. Kutsogolo, uku ndi uku kwa pomwe amaima imamu, pali tizipilala tiwiri ta mwala wobiriwira, totalika ngati mkono wanga, toimikidwa m'khoma. Ukakakankha ndi chala kamazungulira ngati ndodo yathu yopapatizira mtanda wa buledi. Akuti mmisiri amene anamangira mfumu mzikitiwu anatiika dala. Tikamazungulira ndiye kuti nyumba yaima bwino. Tikakana ndiye kuti khoma lasuntha, latipanikiza. M'mawa uliwonse ndimatipukuta n'kutizunguza. Mayi Hacer akafika amafunsa, "Zikuyenda?" ine n'kugwedeza mutu. Amati ntchitoyi ndi yondiyenera chifukwa siifuna pakamwa.

Ndapatsa Bambo Sabri a basi paketi ya tiyi ndi mankhwala opaka a bondo. Adyo musapalire nokha, muitane ana a azakhali. Mukawerama tsiku lonse mudzagona sabata.

Mwana wanu,
Nazife


Istanbul, 21 Meyi 1978

Amayi,

Manja anu ndapsompsona. Kalata yanu inafika. Ndakondwa kuti ng'ombe yabereka bwino ndipo kamwana ndi kakakazi. Musakagulitse, ngakhale amalume anene zotani. Ife tili moyo.

Mwina mwamva kuti kuno kunagwedezeka. Musade nkhawa, chinali chaching'ono, anthu ena sanachimve n'komwe. Ine chinandipeza ndili ndekha m'kati ndi tsache. Nyale zonse zolendewera pa maunyolo zinayamba kupita uku ndi uku, pamodzi ndi mazira a nthiwatiwa aja amapachika pakati pake kuti akangaude asamange. Ndinkangoyang'ana mazirawo. Mapemphero onse anandithawa, amayi, ngakhale lalifupi lija munandiphunzitsa ndili mwana.

Bambo Hulusi, amwazini athu amene amaitana anthu ku mapemphero, anandipeza nditakakamira chitseko. Ndi bambo wonenepa, wokonda nthabwala, ndipo amamwa dzira laliwisi m'mawa kuti mawu asalale. Anati, "Mwana wanga, waona mzukwa? Nyumba ino yaona zivomezi zomwe zinagwetsa theka la mzinda. Mfumu itakumbitsa maziko inawasiya zaka kuti akhazikike, mpaka anthu kumsika ankati ndalama zaithera. Kameneka ndi kuyetsemula chabe." Ndinafuna kuwathokoza koma mawu sanatuluke. Iwo anati, "Ee, walankhula zambiri lero. Kapume."

Mafuta ophikira akusowa. Loweruka ndinaima pa mzere m'mawa wonse, n'kupeza kabotolo kamodzi pa mtengo womwe kwathu mungagulire nkhuku. Gasi naye ndi mzere. Achimwene amati ndikuphika ngati munthu wodwala, koma amamaliza mbale.

Kachipilala kakumanzere kakuzungulira monga kale. Kakumanja kakulemera, ndimachita kugwira ndi manja awiri. Mwina ndi zala zanga, madzi ozizira azilimbitsa. Mayi Hacer akafunsa ndimagwedezabe mutu, pakuti kuzungulira kakuzungulira.

Mutipempherere.

Nazife


Istanbul, 11 Juni 1978

Amayi anga,

Ndapsompsona manja anu. Ndikhulupirira muli bwino. Ife thupi lili bwino. Kuno kwayamba kutentha. Ndaika ndalama, malira mazana atatu, mu kalata muno, mugule shuga ndi mchere wa ng'ombe, otsalawo mubise.

Cemile, kuyambira apa werenga chamumtima. Amayi uwauze kuti ndalemba za nyengo.

Kachipilala kakumanja kaima. Ndakankha ndi manja, ndakankha ndi phewa, kali nji. Ndinawauza achimwene tikudya madzulo. Anaika supuni pansi.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"N'zoona, iwe ungauze ndani." Anadzuka n'kutseka zenera. "Tamvera, Nazife. Pamwamba paja timagogoda tsiku lonse, fumbi limagwa ngati ufa. Lalowa m'kamwala kakoko, basi. Ukatsegula pakamwa abwera mabwana a ku ofesi ndi zipewa zawo, atitsitsa tonse, ntchito iima mpaka chaka chamawa. Ife amatilipira pa tsiku, ukudziwa. Amuna onse aja abwerere kwawo chimanjamanja chifukwa cha mlongo wanga? Nanga nyumba yanga kumudzi ndifolera ndi chiyani, masamba a adyo?"

Ndinati, "Nanga likagwa inu muli pamwamba?"

"Likagwa ine ndidzakhala pamwamba pake. Iwe ndiwe udzakhale pansi ndi tsache lako. Dera nkhawa mutu wakowo."

M'mawa mwake anabwera nane anthu asanafike, atatenga kabotolo kathu ka mafuta, kaja ndinaimira pa mzere. Anathira pamwamba ndi pansi pa kachipilala, n'kukapotoza ndi mphamvu zawo zonse mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Kanalira ngati chitseko cha dzimbiri, kanayenda theka. Anati, "Waona? Fumbi." Anapukuta manja pa buluku n'kupita kukakwera.

Tsiku lotsatira kanaimanso.

Cemile, ndikudziwa kuti bambo ako anati popanda denga pa nyumba palibe ukwati. Sindikufuna kukuwonongera, Mulungu ndi mboni. Koma nyundo zikayamba pamwamba ndimasiya tsache n'kuyang'ana kudenga. Iwe unapita patali ndi sukulu kuposa ine. Undiuze chochita.

Apa upitirize kuwerenga mokweza. Amayi, mupereke moni kwa azakhali ndi onse ofunsa za ine.

Nazife


Istanbul, 2 Julaye 1978

Amayi,

Manja anu ndapsompsona. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani. Muwiritse timbewu ndi ndimu, musamwe madzi a pa kasupe m'mawa.

Yankho lanu ndalandira. Cemile sanadumphe mzere ngakhale umodzi powerenga, mwamva zonse. Sindikumukwiyira, inu mumadziwa munthu akamabisa mawu. Mwati mwana wamkazi sayenda patsogolo pa mchimwene wake, ndipo Remzi amadziwa za nyumba kuposa ine. Ndamva, amayi. Iwenso Cemile, mawu ako ang'onoang'ono a m'munsi aja ndawaona, akuti ndipirire mpaka ntchito ithe mu Seputembala. Ndakhala chete. Kukhala chete sikunandivutepo chibadwire, koma uku kukundidwalitsa.

Mafuta aja anatsikira pa mwala woyera wa pansi pa kachipilala, banga lake ngati chikhatho. Mwala umenewo umamwa mafuta. Ndatsuka ndi sopo, ndatsuka ndi phulusa, silikuchoka. Lolemba Mayi Hacer analiona.

"Ichi n'chiyani? Mafuta? Iwe mwana wa ku adyo, ukudyera buledi wako pano, pomwe amaima imamu? Mwala uwu unabwera pa chombo kuchokera ku chilumba, ng'ombe zinafa poukoka kukwera phiri lino, iwe lero wausandutsa mbale?"

Mnzanga wina wosesa anati, "Musadabwe mayi, pakamwa pomwe sipalankhula pamayenera kupeza ntchito ina." Onse anaseka.

Dzanja la Mayi Hacer linali pafupi kwambiri ndi kachipilala, ndipo ndinapempha Mulungu mumtima kuti akakhudze okha, adziwonere, ine ndisakhale wonena. Sanakakhudze. Anandituma kukatsuka masitepe onse a pa bwalo pomwe anthu amasamba asanapemphere, dzuwa lili pamutu. Sindinadandaule, kungoti pamenepo denga limaoneka lonse.

M'mawa mwake anafunsanso monga mwa masiku onse, "Zikuyenda?" Ndinagwedeza mutu. Amayi, kodi kugwedeza mutu ndi bodza, kapena bodza ndi la pakamwa lokha? Muwafunse ashehe a kwathu, koma musanene kuti ndine.

Adyo akakhwima muzule kukadali kouma, mumuumike pa mthunzi. Musagulitse kwa wogula woyamba kufika ndi lole, ameneyo amaba pa sikelo.

Mwana wanu,
Nazife


Istanbul, 6 Ogasiti 1978

Amayi,

Ndapsompsona manja anu. Pepani kuti ndinatenga nthawi osalemba. Sindikudwala. Mwezi wosala kudya wayamba, Mulungu alandire kusala kwanu, koma ngati mutu ukuzungulira mumwe madzi, inu ndi odwala.

Achimwene akusala ali pamwamba. Mtovu umatentha mpaka kuwotcha kudzera mu nsapato. Madzulo amabwera milomo itang'ambika, amadya osalankhula.

Sabata yatha ndikusesa pakati ndinatola kachidutswa ka pulasitala, koyera mbali ina, kabuluu mbali ina, buluu wake wofanana ndi maluwa ojambulidwa m'denga. Lachinayi ndinatolanso tiwiri. Ndinawaonetsa achimwene. Anati ndi nkhunda, n'kutiponya pa zenera. M'kati mulibe nkhunda, amayi.

Kakumanzere nako kayamba kulemera.

Tulo sindikupeza. Ndikatseka maso ndimaona chingwe cha m'chiuno mwa achimwene. Ndisiyire pomwepa.

Nazife


Istanbul, 13 Ogasiti 1978

Amayi anga,

Ndapsompsona manja anu, ngati mungandipatse. Tonse tili moyo. Cemile, uwerenge zonse mokweza, palibe chodumpha.

Sindinamvere mawu anu.

Lachitatu m'mawa kachipilala kakumanzere kanaima. Ndili chigwirire, pamwamba nyundo zinayamba. Nyundo ya achimwene ndimaidziwa, amamenya kawiri n'kupuma. Mayi Hacer analowa, anati, "Zikuyenda?" Khosi langa linakana kugwedeza. Koma iwo sanandiyang'ane n'komwe, anapitirira kukatenga zidebe.

Bambo Hulusi anali atakhala pa khomo, akusinza ndi njala. Ndinapita kukaima patsogolo pawo. Anatsegula diso limodzi. "Ee, wailesi yathu yafika. Lero muli nkhani zanji?" Ndinatsegula pakamwa, munalibe kanthu. Ndinayesanso, munalibe kanthu. Ndiye ndinawagwira mkono wa malaya n'kuyamba kukoka. Ine, amayi, malaya a bambo wa eni ake. Ndinawakoka mzikiti wonse kuchokera pa khomo mpaka kutsogolo, anzanga atasiya matsache akuonerera, iwo akuti, "Pang'onopang'ono mwana iwe, ndine wokwatira!"

Ndinaika dzanja lawo pa kachipilala. Anakankha. Anapita pa kachiwiri kaja, anakankha. Nthabwala zinatha.

"Kuyambira liti?"

"Chivomezi chija." Mawu anatuluka ngati a mwana.

"Mafutawa anathira ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Chabwino, sindinafunse."

Anatuluka pa bwalo opanda nsapato, anaika manja m'makutu monga amachitira poitana mapemphero, n'kufuula kuloza kudenga, "Tsikani! Nonse tsikani!" Phiri lonse linamva. Nkhunda zinauluka, ogulitsa m'misewu anatulukira pa zipata. Ndinawerenga amuna akutsika pa makwerero mpaka ndinaona buluku la achimwene. Pamenepo ndinakhala pansi.

Masana kunabwera anthu a ku ofesi. Injiniya wawo ndi mayi, wovala buluku ndi magalasi. Anakwera thandala la matabwa m'kati mpaka kudenga, anakhalako nthawi. Potsika anati ulipo mng'alu. Mwina ndi wakale, mwina ndi watsopano, iye sanganene lero. Amata timagalasi topyapyala modutsa mng'aluwo. Tikasweka ndiye kuti ukukula. Ayenera kudikira mpaka dzinja lidutse, ndipo kufikira nthawi imeneyo palibe wokwera pamwamba. Mbali ya kutsogolo amangako chingwe, anthu akupemphera cha kukhomo.

Akapitawo anatukwana mawu omwe sindingalembe mwezi uno. Mayi Hacer anandimenya pa phewa ndi nsanza yonyowa. "Miyezi yonseyi ukundigwedezera mutu ngati bulu! Ine ndimaluma? Chitsiru iwe, ukanangondikoka ine malayawo!" Kenako anandikonza mpango kumutu, n'kundiuza kuti mawa ndifike monga mwa masiku onse.

Amuna a padenga ndikamadutsa amati, "Patukani, akudutsa a injiniya." Mmodzi, wa ana asanu, anangondiyang'ana. Ameneyo ndiye akundipweteka.

Achimwene sakudya kunyumba. Amakamasulira kusala ku nyumba ya tiyi. Mbale yawo ndimaivundikira, m'mawa ndimaipeza chivundikirire.

Nazife


Istanbul, 27 Ogasiti 1978

Amayi,

Ndapsompsona manja anu. Yankho lanu silinafike. Mwina ndi positi.

Timagalasi sitinasweke. Mwina sitidzasweka, ndipo anthu adzati ndinachotsa amuna pa ntchito chifukwa cha fumbi. Ndinawafunsa Bambo Hulusi ngati n'kulakwa kufuna kuti tisweke. Anati, "Wafunsa funso lathunthu, mwana wanga? Dikira ndikhale pansi." Koma sanandiyankhe. Ine sindikudziwa chomwe ndikupempha. Ndikamasesa cha kukhomo ndimayendabe chotsamira khoma.

Achimwene anafunafuna ntchito ina, sinapezeke. Akwera basi ya Bambo Sabri lero m'mawa, afika kumeneko kalatayi isanafike. Ndinawanyamulira thumba mpaka pokwerera. Nditafuna kupsompsona dzanja lawo analiika m'thumba la jekete. Basi italiza injini anatsegula zenera, ndinaganiza kuti anena kanthu. Anati, "Botolo la gasi latsala pang'ono, ukaime pa mzere Lachiwiri." Anatseka.

Pa Idi sindibwera. Mayi Hacer akuti kusesa kudzachuluka, komanso ndi bwino choncho.

Cemile, sindikudziwa ngati wowerenga ukadali iwe. Ngati ndiwe, zikomo. Nsalu zanga zopeta za m'bokosi amayi akupatse, ukagulitse pa msika wa Lachisanu, ziyenera kugula matailosi ofolera denga la chipinda chimodzi. Bambo ako akafunsa uwauze kuti wolakwa ndi Nazife, Remzi sanathawe ntchito. Ukafuna kukwiya, ukwiyire ine.

Amayi, mwezi uno mulibe kanthu mu kalata muno, ndinalipira chipinda ndekha. Achimwene akafika musawafunse za ine. Muwaphikire msuzi wa tirigu uja amakonda, awonda kwambiri. Manja akayamba kuwayabwa muwapatse denga la khola la ng'ombe akonze. Limenelo ndi lalifupi, pansi pake pali udzu.

Mwana wanu,
Nazife